Dalaivala Amene Amayi Anam'pulumutsa

6 Febuluwale

Okondedwa bambo ndi amayi,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino. Ine kuno ndili bwino, kungoti mwendo wa bedi langa wathyokanso ndipo ndachirikiza ndi njerwa ziwiri. Bondo la amayi lili bwanji? Nanga mipando ya kusukulu ija, bambo munamaliza kuluka?

Amayi, musanawerenge ndime yotsatirayi, onetsetsani kuti bambo akhala pansi ndipo m'manja mwawo mulibe kapu ya tiyi.

Buku lathu lija la dalaivala wa lole alipanga filimu. Lolemba m'mawa ndikupukuta zenera langa logulitsira matikiti, anabwera anthu awiri ndi makwerero kudzamata chithunzi chachikulu pakhoma la holo yathu ya kanema. Anayambira m'munsi. Ndinaona mtsinje wodzaza, kenako mlatho, kenako matayala a lole. Atamata dzina la buku ndinakuwa mpaka mayi wogulitsa mbuliuli anaponya supuni pansi.

Munthu amene akusewera ngati Dalaivala sanandisangalatse. Ndi wosalala kumaso ngati sanagonepo pansi pa lole, ndipo mano ake ndi oyera mopitirira. Koma ndimukhululukira zonse akadzangofika bwino pamathero paja, atasenza mabokosi a mankhwala kuolotsa pamlatho womira, n'kufika kwawo m'mawa ali chonyowa, nsapato ili kuphazi limodzi, mkazi wake n'kumufunsa kuti, "Nsapato inayo mwaisiya kuti?" Chaka chilichonse amayi akamatiwerengera pamenepa, bambo mumaseka mpaka kutsamwa.

Filimuyi iyamba kuonetsedwa pakati pa Epulo, ndipo antchito timapatsidwa mipando iwiri yaulere. Bambo, musayambe zoti munthu wosaona akatani ku kanema. Makutu anu aposa maso a anthu ambiri amene ndimawagulitsa matikiti, ndipo amayi adzakhala pambali panu kukunong'onezani zimene zikuoneka. Ndiyankheni msanga.

Ndine mwana wanu,
Mzime

15 Febuluwale

Mzime wanga,

Moni. Tonse tili bwino, mipando ndinamaliza. Cholembera chili m'manja mwa amayi ako koma mawu ndi anga, ndipo ndawachenjeza kuti asadyeko ngakhale limodzi.

Tiyi ndinataya ndithu. Tikubwera. Wosafuna atsale, ine ndikwera basi ndekha ndipo ndidzafunsa njira kwa aliyense mpaka ndifike.

Tsopano tenga pepala ulembe zoti ukafunse abwana ako. Choyamba, injini ya lole iyenera kutsokomola kawiri isanalire, monga zilili m'mutu wachitatu. Ikangolira kamodzi ngati galimoto ya bwanankubwa, ndidzadziwa kuti anthuwa bukuli anangolinunkhiza. Chachiwiri, mkazi wa Dalaivala asakhale wa mawu okoma. Mkazi ameneyu amakalipa chifukwa cha chikondi, ndipo ine ndimamudziwa bwino popeza ndimadya naye mbale imodzi. Amayi ako akuti chiganizo chimenechi salemba. Ndawauza kuti ndikumva cholembera chikaima.

Za mano oyera usadandaule. Ine sindidzawaona.

Jekete langa lakuda ndalitulutsa m'sutikesi. Lasowa batani limodzi, koma amayi ako, telala wa zaka makumi atatu pantchito, akuti alibe ulusi wakuda. Masiku ano akudabwitsa. Dzana anati basi ya kumeneko imagwedeza kwambiri, dzulo anati m'maholo a kanema mumazizira ngati m'firiji. Ine ndamanga mfundo pa chingwe cholukira mipando, mfundo imodzi tsiku limodzi, ndipo m'mawa uliwonse ndimamasula imodzi.

Ndine bambo ako.

Mwana wanga, izi ndikuwonjezera ndekha, iwo akuganiza kuti ndikulemba adiresi. Kalata yako ndinaiwerenga mokweza ndisanayambe ndaiona ndekha, chinthu chimene sindichitachita, ndipo ngakhale ndinadumpha za bedi lako, ndinagwa m'mbuna yako. Lemba kalata ina unene kuti filimuyo aiimitsa, kapena kuti mipando yatha. Usandifunse chifukwa. Usaimbe foni, ukudziwa kuti makutu awo amamva ngakhale singano ikagwa. Yankho lako litumize kushopu yosokera.

Amayi ako.

27 Febuluwale

Amayi,

Moni. Ndatumiza kushopu monga munanenera, koma bodza limene mwandituma sindilemba.

Kunena zoona mawu anu anandipweteka. Ndakhala ndikudzifunsa kuti kodi mukuchita manyazi kuyenda ndi bambo pakati pa anthu a kuno? Kapena manyazi ake ndi ine, poti mwana amene munamuphunzitsa ndi makina osokera wathera pa zenera, kung'amba timapepala? Ngati ndi choncho ingonenani. Masitepe a holo yathu ndawawerenga, ndi khumi ndi anayi, ndipo kumanja kuli chitsulo chogwirira. Bambo sadzapunthwa.

Koma pali nkhani ina imene yandiwiritsa magazi. Sitolo ya mabuku yoyandikana nafe yabweretsa buku lathu lachikuto chatsopano, chokhala ndi nkhope ya wa mano oyera uja. Ndinagula, poti lanu lija simunandilolepo kuligwira. Mumalitsekera m'bokosi la ulusi n'kumati ndi lokalamba, manja a ana angaling'ambe. Ndinatsegula kumapeto kuti ndiyambe ndi pokoma.

Amayi, amupha Dalaivala. Anthu opanda chisoniwa asintha mutu womaliza wonse. Akuti ataolotsa bokosi lomaliza anabwerera kukazimitsa nyale za lole, madzi n'kumukokolola. M'mawa anthu apeza mabokosi ataunjikidwa bwinobwino pamtunda ndi nsapato imodzi m'matope, ndipo nsapatoyo akaipereka kwa mkazi wake. Basi, buku lathera pomwepo. Funso lathu lija mulibemo.

Ndinabwerera kusitolo n'kumuuza wogulitsa kuti wandigulitsa buku lachinyengo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti iye analiwerenga ali pasukulu ndipo limathera momwemo. Ndinamuuza kuti sukulu yakeyo inali yokayikitsa. Tinasonkhanitsa anthu.

Tsegulani bokosi la ulusi, mukopere masamba omaliza a buku lenileni, munditumizire. Ndikufuna ndikamuwerengere bamboyu pamaso pa makasitomala ake, kenako ndilembere osindikiza.

Mzime

14 Malichi

Amayi,

Moni. Masabata awiri apita, kuli zii. Mwadwala? Mwakwiya? Wamakalata wayamba kundizemba chifukwa ndimamudikirira pageti ngati anandilakwira.

Bambo andiimbira lero m'mawa. Akuti mfundo zatsala makumi atatu ndi zitatu, batani anasoka okha ndi ulusi wobiriwira umene munawauza kuti ndi wakuda, ndipo inu mwapsereza malaya a kasitomala ndi simbi koyamba chibadwire. Wogulitsa mabuku amandipatsa moni tsiku lililonse ndi kamseko kena kake. Tumizani masamba aja.

Mzime

20 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Sindikudwala, bondo lokha ndi lomwe lija. Kalata ino ndaiyamba kanayi. Ndikulemba pathebulo lodulira nsalu, anzanga atapita kukadya.

Za manyazi uchotseretu m'mutu. Bambo ako ndayenda nawo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi dzanja lawo lili pachigongono panga, ndipo sindinayang'anepo pansi. Za ntchito yako, makasitomala anga onse atopa kumva za zenera lako.

Ukapepese kwa wogulitsa mabuku. Buku lake ndi loona. Lachinyengo ndi limene lakhala likutuluka pakamwa panga.

Unali m'mimba pamene botolo la gasi linaphulika kumalo owotcherera zitsulo kumene bambo ako ankagwira ntchito. Anagona m'chipatala miyezi iwiri, kumaso kuli mabandeji. Adokotala atawauza kuti sadzaonanso, anatembenukira kukhoma n'kusiya kudya. Ndinkabwera ndi chakudya, ndinkabwerera nacho. Namwino wina wachikulire anandipatsa bukuli n'kunena kuti ndiziwawerengera, ngakhale asayankhe. Masiku atatu ndinawerengera msana wawo. Tsiku lachinayi ndinaima pakati pa mutu kuti ndimwe madzi, ndipo anafunsa kuti, "Ndiye lole inalira?" Madzulo ake anadya phala.

Titafika m'bukumo pamene mvula yayamba ndipo mlatho wamira, anandigwira mkono n'kunena kuti munthu uyu akafika kwawo, iwonso atuluka m'chipatalamo ndi miyendo yawo. Mutu womaliza ndinauwerenga ndekha pabenchi ya panja, ndikudikira nthawi yoona odwala. Belu litalira ndinalowa, ndinakhala pansi, ndinatsegula buku. Ndinaona nsapato ija ili yokha m'matope, ndipo ndinangoitenga n'kuikamo munthu.

Mawu a mkazi wa Dalaivala aja ndi anga. Ndi mmene ndikanawakalipira bambo ako akanabwera kunyumba tsiku lija atangotaya nsapato chabe. Anaseka koyamba m'miyezi iwiri, mpaka odwala a mabedi ena anafunsa kuti kwagwanji.

Ndinkati ndidzawauza akadzachira. Atachira unabadwa iwe. Kenako anayamba kupempha bukuli chaka chilichonse mvula ikayamba, ndipo ndinachita kuloweza bodza langa liwu ndi liwu, chifukwa ndikasintha pang'ono amandikonza. Masamba omaliza ndi asanu ndi awiri, ndipo ndimawatembenuza pa nthawi yake poti amamvetsera kulira kwa pepala. Ndimayang'ana imfa ya munthu ndi maso, pakamwa ndikumufikitsa kwawo.

Mlandu suola, mwana wanga. Ndili ndi mantha. Munthu amene dziko lonse amalimva kudzera m'kamwa mwanga, akadziwa kuti ndinamunamiza, adzakhulupiriranso chiyani? Ndikamuuza kuti patsogolo pali dzenje, adzaima?

Mutu umodzi susenza denga. Kodi mkulu woonetsa filimuyo sangazimitse makina Dalaivala akangoolotsa bokosi lomaliza, n'kunena kuti magetsi athima? Ndimusokera suti yaulere, ya thalauza ziwiri.

Amayi ako.

29 Malichi

Amayi anga,

Moni. Kalata yanu ndinaiwerengera m'chipinda chosungira matsache, chifukwa pazenera panali mzere. Ndinalira, kenako ndinaseka, kenako ndinakukwiyirani pang'ono. Ine ndinalemba za mathero anu aja pamayeso a kusukulu, aphunzitsi n'kundipatsa ziro. Inu munapita kukawauza kuti mwana wanu ali ndi nzeru zopeka. Tsopano ndadziwa kumene ndinazitenga.

Ndikupepesa pa zimene ndinakuganizirani. Kwa wogulitsa mabuku ndinapita ndi paketi ya mabisiketi. Anailandira ngati mfumu yolandira msonkho.

Mkulu woonetsa filimu ndinamufunsa. Anandiyang'ana ngati ndamupempha impso. Akuti anthu mazana awiri angaphwanye mipando, ndipo suti ya thalauza ziwiri sangakaivale m'manda.

Koma mvetserani izi. Dzulo masana ife antchito anationetsa filimuyi anthu ena asanaione. Mphindi zisanu ndi imodzi zomaliza mulibe mawu ngakhale amodzi. Ndi mvula ndi nyimbo basi. Dalaivala akubwerera pamlatho, madzi akumutenga, kukucha, nsapato ikuperekedwa, zonsezo palibe woyankhula. Choncho bambo adzamva zokhazo zimene inu mudzawanong'oneze. Akafunsa za funso la nsapato, mudzati analidula, poti opanga mafilimu ndi mmene alili. Akamva anthu akufwenthera, mudzati akulira ndi chimwemwe. Mayi wa mbuliuli analira ngati ng'ombe, koma tsikulo ndidzamutumiza kunja.

Khomo ndi limenelo, lili chitsegukire. Ine sindiulula kanthu, nkhaniyi ndi yanu awiri. Chokhacho ndinganene n'chakuti nditaona mathero enieniwo, Dalaivala ndinamukonda kuposa kale, ndipo zinandiwawa kuti bambo, amene amamudziwa kuposa tonse, ndi okhawo m'holomo amene sadzadziwa chimene anachita.

Mipando ndasunga mzere wachisanu, pakati. Loweruka pa 16 Epulo, 2 koloko masana. Batani la ulusi wobiriwira lija mulisinthe, chonde.

Mzime

23 Epulo

Mzime wanga,

Moni. Usadabwe ndi zilembo zopendamazi. Akulemba ndi ometa tsitsi a pakona paja, chifukwa mlembi wanga wa nthawi zonse ndamuimitsa ntchito kwa sabata imodzi. Akuti ndikupatse moni, ndiponso akuti ndiziyankhula pang'onopang'ono poti dzanja lawo linazolowera lumo.

Unationa tikutuluka m'holo osayankhulana, ndipo tinakwera basi osakutsanzika bwino. Foni yako sindinayankhe kanayi. Undikhululukire. Ndikudziwa kuti mtima wako uli m'mwamba, ndiye mvetsera.

Ndiyambe ndi filimu. Injini inatsokomola kamodzi kokha, ukawauze abwana ako. Dalaivala ali ndi mawu a munthu amene sanakuwepo pakati pa phokoso la magalimoto. Mkazi wake ndi wabwinoko. Mvula yokha ndiyo anaidziwa, inagwa mpaka ndinakweza mapazi. Amayi ako ananong'oneza bwino chiyambire, mwina mopitirira, chifukwa bambo wina kumbuyo kwathu anafunsa ngati tingamubwereke mayiyu poti iye sakumvetsa kanthu.

Bokosi lomaliza litaoloka, mawu onse anatha, n'kutsala nyimbo. Ine ndinakonzeka kuseka, ndinachita kumasula batani la jekete. Koma kunong'oneza kunaima. Ndinafunsa kuti, "Wafika?" Ndinagwira dzanja lawo, linali lozizira ngati chitsulo cha m'mawa. Ndinafunsanso. Ndiye anayandikira khutu langa n'kunena kuti, "Sanafike, bambo a Mzime. Madzi amutenga. Ndi mmene bukuli limathera. Zakufikazo ndinkapeka ine."

Walira mvula walira matope. Filimu ndinaifuna ndekha.

Masiku atatu sindinayankhule nawo. Ndikuuze zoona, ndinapsa mtima. Ndinadziona ngati mwana amene amamubisira mpeni. Ndinkaluka mpando n'kumaganiza kuti anthu onse amene ndinawafotokozera bukuli, ndi amene ndinakangana nawo pano pometera, ankandimvera chisoni chamumtima. Ometa tsitsi akuti iwo sanaliwerengepo, choncho ndiwachotse pamndandanda.

Tsiku lachitatu masana mvula inawaza pang'ono padenga, ndipo ndinakumbukira kanthu. Chaka chilichonse amayi ako akafika pamutu womaliza, mphuno zawo zinkatseka. Ndikafunsa ankati ndi chimfine cha nyengo ya mvula. Chimfine chake chinkayamba pa tsamba lomwelomwelo, n'kutha akatseka buku. Ine, amene ndimadzitama kuti ndimamva nyerere ikuyenda, sindinamve kuti mkazi wanga akulira pambali panga.

Apa mkwiyo unandithera, n'kubwera manyazi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi amayi ako akhala akuika munthu uyu m'manda okhaokha, ine ndili pambali kuseka ndi kuwomba m'manja.

Ndinawaitana. Anabwera n'kuima pakhomo ngati wakuba wogwidwa. Ndinawauza kuti atenge buku andiwerengere masamba asanu ndi awiri aja monga analembedwera. Anawerenga moipa kwambiri, akupunthwa pa mawu ngati mwana wa sitandade 2, poti kanali koyamba kuwatulutsa pakamwa. Tinalira tonse awiri mpaka oyandikana nawo nyumba anagogoda kufunsa kuti wamwalira ndani. Ndinawauza kuti ndi dalaivala wina, mnzathu wakalekale, uthenga unangochedwa kufika.

Ndinawafunsanso ngati pali zina zimene akhala akundikonzera. Akuti m'makalata ako amadumphamo madandaulo okhaokha, ndiye ndangomva dzulo kuti umagona pa njerwa. Akutinso tsitsi langa linachita imvi kalekale. Ometa tsitsi avomereza, ndipo nawonso ndiwaimitsa ntchito tikamaliza kalata ino.

Amayi ako anandifunsa ngati ndidzawakhulupirirenso. Ndinawauza kuti m'holo muja njira yothawira inalipo, iwe unachita kuwatsegulira monga andiululira okha, koma sanadutsepo. M'mawa mwake anandiuza kuti pakhomo pali chithaphwi, ndipo ndinalambalala.

Bwera kumapeto kwa mwezi, ubwere ndi buku lako latsopanolo. Sitidikira nyengo ya mvula. Tiyambira tsamba loyamba, ndipo ulendo uno uwerenga ndiwe. Amayi ako awerenga mokwanira. Ndikuwalukira mpando wotsamira, akhale pansi pambali panga, amvetsere, ndipo tikafika pamlatho alire mokweza ngati munthu wina aliyense.

Ndine bambo ako.